Malo a kunyanja kawaoneni mvula ili mkati

Anthu ambiri a ku Lilongwe amene atopa ndi lendi ndi phokoso amatsika msewu wa M14 kukafuna malo ku Salima mu Julayi kapena Ogasiti. Nthawi imeneyo mwera ukuomba, kunja kuli kozizira bwino, tinjira tonse ndi touma, ndipo malo aliwonse amaoneka abwino. Malo omwewo mu Febuluwale akhoza kukhala dambo lomwe madzi amalekeza m'mawondo. Dera la kunyanja ndi lachidikha, ndipo madzi onse a kumtunda amatsikira kuno kudzera m'mitsinje ngati Linthipe, Lifidzi, Bua ndi Dwangwa. Mu 2024 madzi osefukira anasamutsa mabanja ambiri ku Dwangwa, ndipo chaka chomwecho nyanja inakwera mpaka kulowa m'nyumba zomwe eni ake ankaziyesa kuti zili patali ndi gombe.

Ndiye musathamangire kugula. Chitani lendi kanyumba pamalo ochitira malonda apafupi, kaya ndi pa Khombedza, Chipoka, Lifuwu kapena Benga, mukhalepo dzinja limodzi lathunthu. Lendi ya miyezi isanu ndi umodzi kumeneko ndi yochepa poyerekeza ndi nyumba yomangidwa pamalo olakwika. Ngati simungathe kudikira, malowo ali ndi zizindikiro zake ngakhale m'chilimwe. Yang'anani makoma a nyumba zoyandikana nawo: mzere wamatope m'munsi mwa khoma umakuuzani pomwe madzi analekeza. Dothi lakuda lamakande lomwe lang'ambika ming'alu yolowa dzanja limasunga madzi. Pomwe pali bango kapena ziputu za mpunga, pamenepo ndi padimba, si pomanga. Ndipo ngati malo ndi aakulu, athyathyathya, ali pafupi ndi msewu, koma m'mudzi monse palibe amene anamangapo, funsani chifukwa chake kwa amayi amene mwawapeza pa mjigo, osati kwa amene akugulitsayo.

Nkhani ya mwini malo ndiyo imagwetsa anthu ambiri. Malo ochuluka kumudzi ndi a makolo, ndipo kwa Achewa ndi Ayao a kuno amayendera kuchikazi. Bambo amene akukuonetsani munda akhoza kukhala mkamwini chabe, kapena mwana mmodzi mwa asanu ndi atatu. Munda ndi wa mbumba. Mukapereka ndalama kwa munthu mmodzi, pakatha zaka ziwiri mudzaona mlongo wake wochokera ku Joni kapena amalume awo akubwera kudzanena kuti sanamve kalikonse, ndipo nthawi zambiri amakhala akunena zoona. Choncho yambirani kwa anyakwawa, kenako kwa agulupu. Pemphani kuti mwinimbumba ndi azilongo onse amene alipo akhale pansi pamodzi, ndipo amene ali kutali aimbiridwe foni anthu akumva. Malire muwayende ndi miyendo pamodzi ndi eni minda yoyandikana mbali zonse zinayi, muyeze ndi tepi, mulembe mamita. Mawu akuti "maekala awiri" kumudzi amatanuka. Ekala yeniyeni ndi pafupifupi mamita 70 m'litali ndi 58 m'lifupi. Tsiku lomwelo zikani mabikoni a simenti m'makona, ndipo mvula ikagwa mubzale khonje kapena nkhadze m'malire.

Kalata ya mgwirizano ikhale ndi mayina ndi manambala a ziphaso zaunzika za ogulitsa, mboni za mbali zonse ziwiri, chidindo cha amfumu, ndipo ikafike kwa a T/A. Lamulo la malo a makolo la 2016, lomwe linakonzedwanso mu 2022, linabweretsa makomiti a malo otsogozedwa ndi agulupu komanso njira yolembetsera malo oterewa. Musanapereke khobidi lililonse, pitani ku ofesi yoona za malo kwa DC mukafunse zomwe lamulo likulola pa malo amene mukufunawo, komanso ngati sali mkati mwa esiteti, sikimu ya mpunga kapena malire a msewu. Ndalama muzipereka m'magawo, gawo lomaliza mapepala atatha.

Madzi mulawe musanagule malo. M'madera ena a kunyanja mijigo imatulutsa madzi amchere: sopo sachita thovu, nyemba zimachedwa kupsa, tiyi samweka. Banja la anthu asanu limafuna zigubu zosachepera zisanu za malita 20 pa tsiku, osawerengera zochapira, ndiye mjigo womwe uli pa mtunda wa kilomita imodzi ndi ntchito ya m'mawa wonse tsiku lililonse. Mjigo wa m'mudzi uli ndi komiti yake ndi chopereka cha pamwezi chogulira marabala ndi zitsulo. Lembetsani sabata yoyamba, musadikire kuti akutsatireni. Ofuna chitsime chawochawo akumbitse mu Okutobala kapena Novembala, pamene madzi a pansi atsikiratu. Chitsime chokumbidwa mu Epulo chimapeza madzi msanga, okumba amalandira ndalama zawo n'kumapita, kenako chimaphwa kutentha kukafika. Madzi a pachitsime muzithira kulorini. Alangizi a zaumoyo a m'deralo amakuuzani muyezo wake.

Chimbudzi chikhale mamita 30 kapena kuposerapo kuchokera pachitsime, ndipo chikhale kumunsi kwake. Pamchenga dzenje la makona anayi limagumuka mvula yoyamba. Kumbani lozungulira, mulimangire njerwa kuyambira pansi mpaka pamwamba, mukusiya timipata m'mizere ya m'munsi kuti madzi azilowa m'nthaka. Pomwe madzi a pansi ali pafupi, musalimbane n'kuzamitsa dzenje. Likwezeni m'mwamba ndi njerwa ndi dothi, muikepo masitepe.

Pulani ya nyumba ya ku Area 25 musabwere nayo kuno osaisintha. Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala ku Salima ndi nkhani ina, ndipo nyumba yofupika ya malata opanda siling'i simugonamo. Makoma afike mamita atatu, mawindo ayang'anizane kuti mphepo izidutsa, khonde likhale lalikulu makamaka kumadzulo komwe dzuwa la masana limawotcha khoma. Mawindo onse akhale ndi sefa wa udzudzu kuyambira tsiku loyamba. Denga limangidwe ndi waya wolowa m'mizere ingapo ya njerwa, chifukwa mphepo yoyambira mvula imasasula madenga ongokhomedwa ndi misomali. Pansi pa khoma ikani pulasitiki wotchinga chinyontho, matabwa onse apakidwe mankhwala a chiswe, ndipo musasiye zitsa pansi pa simenti, chiswe chimayambira pamenepo. Pa makande maziko osazama amasweka chaka chachiwiri, poti dothilo limafufuma likanyowa n'kunyala likauma. Apa musaumire simenti ndi zitsulo. Mitengo ya nimu imakula msanga kuno, koma ibzalidwe patali pang'ono ndi khoma ndi chimbudzi.

Magetsi a ESCOM akakhala kutali, sola imakwanira bola muwerengere. Batire ya 12V 100Ah imasunga ma watt-hour (muyezo wa mphamvu ya magetsi) 1,200, koma ngati ndi yamtovu muyenera kugwiritsa ntchito theka lokha, apo ayi imafa msanga. Mababu anayi a 5W kwa maola asanu amadya 100, fani ya 20W usiku wonse imadya 160, TV yaing'ono maola atatu mwina 120, mafoni 30. Zonsezi zikukwana mu 600, ndipo panelo ya 200W imabwezeretsa tsiku la dzuwa. Filiji, ayironi ndi ketulo sizikwanamo, ngakhale wogulitsa atalumbira. Batire isakhale m'chipinda chotentha pansi pa malata, ndipo fumbi la pa panelo lizipukutidwa sabata iliyonse m'chilimwe. Netiweki iyeseni mutaima pamalo penipeni pomangapo, ndi ma SIM onse awiri, Airtel ndi TNM. Ma ejenti a kumudzi nthawi zambiri sakhala ndi ndalama zambiri zoti mutape, choncho za amisiri muzikatengera ku boma.

Malungo kuno ndi a chaka chonse. Aliyense agone m'masikito, ndipo thupi likatentha, makamaka la mwana, kayezetseni tsiku lomwelo. Dziwani chipatala chaching'ono chomwe chili pafupi, njira yake m'dzinja, ndipo musunge manambala a akabaza a njinga zamoto awiri kapena atatu omwe amayankha foni usiku. Amene amamwa mankhwala a BP kapena shuga azisunga a mwezi wathunthu pambali. Ana asasambe m'madzi odikha a m'mabango ndi m'minda ya mpunga chifukwa cha likodzo, ndipo pamathiriro a mitsinje ndi ku dziwe la Chia ku Nkhotakota kuli ng'ona. Sambani pomwe eni mudzi amasamba, nthawi yomwe iwo amasamba.

Nthawi yabwino yosamuka ndi Meyi kapena Juni. Misewu yauma, njerwa zikuumbika, ndipo chimanga chatsika mtengo chifukwa anthu angokolola. Gulani cha chaka chonse pamenepo: banja la anthu asanu limatha pafupifupi thumba limodzi ndi theka la makilogalamu 50 pa mwezi, ndiye matumba 18 mpaka 20. Chiumitseni bwino, muchisunge m'matumba osalowa mpweya a PICS kapena muthire mankhwala a anankafumbwe, matumbawo asanjidwe pa matabwa osakhudza khoma. Wofika mu Januwale amagula chimanga chomwecho pa mtengo wa nthawi ya njala.

Chaka choyamba munda usakhale wodalira. Ine ndimati ekala imodzi ndi yokwanira kuphunzirirapo: mizere yotalikirana masentimita 75, mbewu imodzi pa phando, mapando otalikirana masentimita 25, thumba limodzi la feteleza wokulitsa ndi limodzi la urea wothira patatha milungu itatu chimanga chitamera. Sankhani mbewu yocha msanga, ndipo muziyendera munda kawirikawiri kuyang'ana ntchemberezandonda m'mitima ya chimanga. Pamchenga chimanga chimavuta. A ku Nkhotakota sanapuse podalira chinangwa ndi kondowole, ndipo mungachite bwino kubzalako ngakhale kotala la ekala. Dziwaninso kuti anthu akakolola mbuzi ndi ng'ombe zimamasulidwa, ndiye chinangwa, ndiwo zamasamba ndi timitengo tosatchingidwa ndi chakudya chawo, ndipo mlandu wake simungawine. Nkhuku zachikuda zilandire katemera wa chitopa wodonthezera m'diso miyezi inayi iliyonse. Penshoni kapena ndalama zina zolowa mwezi ndi mwezi zikhalepo ndithu, chifukwa ganyu wopalira amafuna malipiro mu Januwale pomwe munda sunakupatseni kanthu.

Phee amene mukumufunayo alipo, koma kumudzi simukhala nokha. Bwerani ndi kalata yochokera kwa amfumu a komwe mukuchokera, ndi ya kumpingo kapena kumzikiti. Funsani komwe kuli manda ndi dambwe, musakatemeko nkhuni kapena kujambula. Maliro akachitika m'mudzi ntchito zimaima, ngakhale amisiri anu ali pakati pothira simenti. Amuna amakakhala pa siwa ndi kuthandiza adzukulu, amayi amapita ndi ufa ndi nkhuni, ndipo pali buku lomwe amalembamo amene apereka. Ntchito zachitukuko monga kuumba njerwa za sukulu kapena kulambula msewu zimawerengedwanso, ndipo kutumiza waganyu m'malo mwanu nthawi zonse anthu amakuonani nako.

Mpanda wa njerwa wautali ngati wa m'tauni umauza mudzi kuti mwawayesa akuba. Wa udzu kapena wa mitengo umatchinga mbuzi mokwanira. Galimoto yanu idzasanduka ambulasi ya mudzi, ndipo zimenezo musakane, kungoti nenani poyera kuyambira ulendo woyamba ngati mafuta azisonkhedwa. Za ngongole nazonso zimabwera mwezi woyamba womwe, poti wochokera m'tauni amayesedwa kuti ndalama sizimuthera. Kukana zonse kumakudanitsani, kuvomera zonse kumakusaukitsani n'kukudanitsaninso pokalonjerera. Ambiri amene akhazikika bwino amapereka kochepa komwe sangadandaule kakapanda kubwerera, amalemba ganyu pomwe pali ntchito yeniyeni, ndipo zotsalazo amalowa nazo banki m'khonde, komwe wokongola amabweza pamaso pa gulu.