Ku Zundert, kwa eni ake ma dahlia

Mu Seputembala ndinakwera sitima ku Rotterdam mpaka ku Breda, kenako basi yopita ku Zundert, katawuni ka ku Netherlands kufupi ndi malire a Belgium komwe anabadwira wojambula zithunzi wotchuka Vincent van Gogh. Lamulungu loyamba la mweziwu kumakhala perete wa maluwa yemwe anayamba mu 1936, zimagalimoto zitalizitali zokutidwa ndi maluwa otchedwa dahlia okhaokha, mudzi uliwonse kupanga chake ndi maluwa a m'munda mwawo. Ndinaima pamsewu kukamwa kuli yasa.

Koma chomwe chinandigwira mtima ndi mawa lake, nditapita kumunda wa bambo ena achikulire omwe amapanga mitundu yatsopano ya dahlia. Ine ndimaganiza kuti ukafesa njere ya duwa lofiira umakolola lofiira basi, ayi ndithu, dahlia ali ndi magulu 8 a ma chromosome, tinthu ta m'maselo tonyamula chibadwa cha chomera, pomwe zomera zambiri zili ndi awiri, ndiye njere iliyonse imatuluka ndi nkhope yakeyake ngakhale zichoke pa mutu umodzi. Bambowo amatenga mungu wa duwa lina ndi kaburashi nkupaka pa linzake, nkuphimba ndi kathumba kuti njuchi zisasokoneze. Njere zikamera nkuchita maluwa amazula pafupifupi zonse, kusiya zochepa za tsinde lolimba ndi mtundu wokongola, ndipo zimenezo amaziyang'anira zaka zingapo asanazipatse dzina. Duwa la buluu leni leni mpaka pano palibe anapeza.

Mtundu ukakhala wabwino njere zimasiyidwa, amauchulukitsa ndi mizu yake yonenepa ija yonga mbatata. Chisanu chikawotcha masamba amakumba nkusunga pouma. Anandionetsa kuti pogawa, chidutswa chilichonse chikhale ndi diso lake pakhosi pomwe chalumikizana ndi tsinde, chopanda diso sichiphuka olo chikhale chachikulu bwanji. Ena amaika mizuyo pofunda cha mu Febuluwale kapena Malichi, ikaphuka nkumadula timphukira nkuzika ngati momwe timachitira ndi kholowa.

Pamzere wina panali mtundu wa dahlia wotchedwa Bishop of Llandaff, wofiira masamba akuda, yemwe anapatsidwa dzina ku Cardiff, ku Wales, mu 1924, ndipo chomera chomwe ndinachigwira ndi dzanjacho ndi chidutswa cha choyambirira chija, changodutsa m'manja mwa alimi zaka 100. Kwawo kwenikweni kwa dahlia ndi ku Mexico, njere zinafika ku Madrid, ku Spain, mu 1789. Ndinabwerera ku basi nsapato zili matope okhaokha, foni yodzadza ndi zithunzi za mizu.