Penti ikasupuka m'munsi mwa khoma, yambani ndi madzi a panja

Mvula ikatha mu Epulo, nyumba zambiri muno mu Lusaka zimadwala matenda amodzi: penti imatupa n'kusupuka kuyambira pansi mpaka m'mawondo, pakhoma n'kutuluka ufa woyera ngati mchere. Ku Kanyama, Chawama ndi Misisi n'koopsa, chifukwa pansi pake pali thanthwe la laimu ndipo madzi ali pafupi kwambiri. Buloko ya simenti imamwa madziwo kuchokera m'maziko. Akamauma amasiya mchere, ndipo mcherewo ndi umene umakankha penti. Mukangopaka ina pamwamba, pofika Febuluwale yasupukanso.

Poyamba zungulirani nyumba. Pulasitiki yotchinga chinyezi (DPC), yomwe amayala pakati pa maziko ndi khoma, iyenera kukhala masentimita 15 pamwamba pa dothi. Nthawi zambiri mupeza kuti wina anathira dothi la maluwa kapena anayala mapeva mpaka kuikwirira. Fukulani. Kenako thirani konkire mozungulira nyumba, mita imodzi m'lifupi, yopendekera kunja ndi masentimita awiri kapena atatu, kuti madzi a pamalata asamaime patsinde pa khoma. Magatala akhale ndi paipi yotayira kutali. Ngati chinyezi chili pakhoma limodzi lokha logundana ndi bafa, kayikirani paipi yodontha, osati maziko.

Mukatero ndiye lowani m'nyumba. Gumulani pulasitala yovunda yonse, mupitirire masentimita 30 pamwamba pa mzere wa chinyezi. Mchere muuchotse ndi bulashi ya waya, khoma lili louma. Osatsuka ndi madzi ayi, amausungunula n'kuubwezera mkati mwa buloko. Lisiyeni khomalo milungu ingapo, mawindo ali otsekula.

Pulasitala yatsopano: thumba limodzi la simenti la 50kg pa mawilibala awiri a mchenga wosefa, osasefukira, ndi mankhwala otchinga madzi monga mwa muyeso wolembedwa pachigubu. Apa mpofunika kuima pafupi ndi amisiri, chifukwa ena amafikitsa mawilibala anayi kuti simenti itsale, ndiye pulasitala imanyenyeka mukaikanda ndi msomali. Mchenga wa dongo nawo umang'amba khoma. Kukhuthala kwa pulasitalayo kukhale mamilimita 12 mpaka 15. Muziiwaza madzi m'mawa ndi madzulo kwa masiku 7, makamaka kukatentha mu Okutobala, pamene imauma msanga n'kuchita ming'alu.

Dikirani masiku 28 musanapente. Kuti mutsimikize, matani pulasitiki ya theka la mita mbali zonse pakhoma ndi tepi, muisiye masiku awiri. Ikachita thukuta mkati, khoma silinaume.

Yambani ndi pulayima ya pulasitala (penti yoyambira), kenako PVA (penti ya madzi) kawiri. Lita imodzi imakwana masikweya mita 8 mpaka 10 popaka kamodzi, choncho ndowa ya malita 20 imakwanira zipinda ziwiri zapakatikati. Penti ya mafuta m'munsi mwa khoma, imene ambiri amaikonda poti imatsukika, ine sindiivomereza pakhoma lomwe linadwalapo: imatsekera chinyezi mkati. Matailosi ndi chimodzimodzi, madzi amangokwera n'kukatulukira pamwamba pake.

Amene muli pa lendi, musawononge ndalama zanu pa penti. Aonetseni eni nyumba pomwe madzi akulowera, ndipo kabati ndi bedi muzitalikitse masentimita 10 kuchoka kukhoma kuti mpweya uzidutsa, zovala zisachite nkhungu.