Musagule tayala la njinga poona 28 yokha

A kabaza ndi nonse okwera njinga za kapalasa, tamvani izi musanataye ndalama.

Matayala awiri atha kulembedwa 28 onse, koma limodzi n'kukana kulowa pa limu yanu. Yang'anani m'mbali mwa tayala lakale, mupeza manambala ngati 40-635. Yoyambayo ndi kunenepa kwa tayala, yachiwiri ndi kukula kwa limu, zonse m'mamilimita. Yachiwiriyo ndiye yofunika, iyenera kufanana ndendende.

Njinga zolimba zija za mabuleki a ndodo, monga Humber ndi Phoenix, zimavala 28 x 1½, yomwe ndi 635. Zambiri za pa kaunjika zolembedwa 700C ndi 622, ngakhale matayala ake ena amalembedwanso 28. Kusiyana ndi mamilimita 13 okha, koma la 622 silikwera pa limu ya 635 ngakhale mulikanikize ndi zitsulo mpaka kuboola chubu. La 635 pa limu ya 622 limakhwepa, ndipo mukapopa limavuka, chubu n'kutuluka pambali ngati chotupa, kenako phuu!

Nawo matayala olembedwa 26 amasiyana: ya mountain bike ndi 559, pomwe 26 x 1⅜ ndi 590.

Kwa onyamula matumba a chimanga m'misewu yafumbi, ine ndimalimbikitsa njinga ya limu ya 559 ndi tayala lonenepa 50. Masipoko ake ndi aafupi, gudumu silipindika msanga, ndipo pamchenga silititimira kwenikweni. Onetsetsani kuti lisakhule foloko kapena madigadi.

Popita kusitolo, lembani manambala a pa tayala lanu lakale papepala, kapena nyamulani tayala lakalelo.