Mlandu wa Madzi a Mchere

Sukulu ya sekondale yoyendera imene ndimaphunzitsako, imene ili chapafupi ndi msewu wochokera ku Mangochi boma kupita ku Monkey Bay, ilibe labotale. Chimene tili nacho ndi kabati imodzi mu ofesi ya ahedi, ndipo m'kabatimo muli themometa, mabotolo awiri agalasi amene palibe akukumbukira zimene zinali m'katimo, ndi mavu amene anamangamo kalekale ndipo tonse tinagwirizana kuti tisamawapute. Choncho phunziro la Chemistry la Fomu 1, limene limafuna kuti ana aone ndi maso awo kuti chinthu chimatha kukhala cholimba, chamadzimadzi kapena mpweya, ndiponso kuti zinthu zosakanizana zimatha kulekanitsidwa, ambiri timangoliphunzitsa ndi choko basi. Ine sindinafune kutero. Ku koleji anatikhomereza m'mutu mfundo ya TALULAR, yoti mphunzitsi azigwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalo pomwe alipo, ndipo ine mfundoyi ndinaikhulupirira ndi mtima wonse, mwina kuposa amene anatiphunzitsawo.

Unali mwezi wa Okutobala, nthawi imene dzuwa la ku Mangochi limayamba ntchito anthu asanasukusule. Ndinalawirira ku boma kukagula chibuluma cha madzi oundana kwa anthu amene amagulitsa kwa ogula nsomba, ndinachikulunga m'thumba la utuchi, ndipo wakabaza anachimangirira kumbuyo kwenikweni kwa mpando umene ndinakhalapo. Pamene tinkafika pasukulu, phunziro la kusungunuka linali litachitika kale m'njira popanda wophunzira ngakhale mmodzi, ndipo umboni wake unali pa thalauza langa, kumbuyo, pamalo pamene mphunzitsi sangathe kufotokoza bwino akatembenuka kuti alembe pa bolodi. Ndinaphunzitsa tsiku limenelo nditayang'ana ana, msana uli kukhoma.

Chimene chinatsala chinali kachidutswa kokwana m'dzanja, konunkha usipa. Ndinafotokoza kuti madzi amaundana akazizira kufika pa madigiri 0, kuti tizidutswa tosaoneka ndi maso timene timapanga madziwo timakhala titagwirana pamalo amodzi n'kumangonjenjemera, ndipo kuti kutentha kukalowa timayamba kutsetsereka wina pa mnzake. Kenako ndinapereka kachidutswako kuti kayende mzere ndi mzere aliyense akakhudze. Sikanabwerere. Nditafunsa kumene kanathera, mnyamata wina wa mzere wakumbuyo, masaya ali tutumu, anameza kaye n'kuyankha mwaulemu kuti, "Aphunzitsi, kasintha kale. Panopa kali m'gulu la zamadzimadzi." Yankholo linali lolondola, ndipo ndinalephera kupeza chifukwa chomulangira.

Madzi amene anatsalira m'beseni tinawawiritsa pa mbaula. Buku limati madzi amawira pa madigiri 100, koma themometa yathu inaima cha pa 98, ndipo ana anagawikana pawiri, ena akuti themometayo ndi yakufa, ena akuti bukulo ndi labodza. Ndinawauza kuti zonse ziwiri zikunena zoona: 100 ndi ya m'mphepete mwa nyanja yaikulu ya mchere, pamene ife kuno tili pamalo okwera mamita pafupifupi 470 kuposa pamenepo, mpweya sukanikiza kwambiri pamwamba pa madzi, motero amawira msanga. Pamenepa ndinadziona kuti ndine mphunzitsi weniweni, ndipo kudzimva kumeneku ndi kumene kunandipatsa maganizo a sewero.

Ndinauza kalasi yonse kuti iwo ndiwo tizidutswa tija. Nditafuula kuti "Cholimba!" anathithikana pakati pa kalasi n'kumagwedezeka pang'onopang'ono. Nditati "Chamadzimadzi!" anayamba kuyendayenda mokhudzana mapewa. Tsono ndinali nditawaphunzitsa bwino kwambiri kuti mpweya ulibe malire, kuti tizidutswa take timathamanga mbali zonse n'kudzaza malo alionse amene tapeza, ndipo nditangoti "Mpweya!" kalasi inatulukira pakhomo ndi m'mazenera momwe. Ena anakathera m'mitengo ya mango kuseri kwa bwalo la mpira, ndipo atatu sanaonekenso mpaka tsiku lotsatira. Ahedi, amene anaona zonsezi ali pakhonde la ofesi, anangondifunsa modekha ngati pali njira yobwezera mpweya kuti ukhalenso chamadzimadzi belu lisanalire.

Phunziro la zosakaniza linayamba bwino kwambiri, chifukwa ana a kuno ntchito yolekanitsa zinthu amaidziwa asanayambe sukulu. Mtsikana amene amapeta mpunga ndi lichero, kusankha timiyala mu nyemba ndi kusefa ufa safunika kuuzidwa kuti zinthu zikasakanizana chilichonse chimakhalabe ndi khalidwe lake, ndipo kuti khalidwe limenelo ndi limene timagwira polekanitsa. Mnyamata amene amayanika usipa pa thandala amadziwa kumene madzi a m'nsombamo amapita. Ndinasakaniza mchenga wa kunyanja, mchere ndi tizitsulo tophwanyika timene ndinakapempha kwa owotcherera zitsulo. Tizitsulo tinatikoka ndi maginito amene ndinachotsa mu sipika ya wailesi yakufa, kenako tinathira madzi kuti mchere usungunuke, tinasefa ndi nsalu kuti mchenga utsale, ndipo madziwo tinawawiritsa mpaka mchere unatsala mbuu pansi pa poto. Ana anaomba m'manja. Ndikanalekera pomwepo, bwenzi mpaka lero ndili munthu wolemekezeka m'mudzimo.

Koma mtsikana wina wanzeru, wa mtundu umene mphunzitsi aliyense amaukonda n'kumauopanso, anaimika dzanja. "Aphunzitsi, mchere tauona. Nanga ngati munthu akufuna madziwo osati mcherewo, angatani?" Ndinamuuza kuti funso limenelo ndi lalikulu, kuti madzi a m'nyanja zikuluzikulu ali ndi mchere wokwana pafupifupi magalamu 35 pa lita iliyonse, kuti mayiko ouma monga Saudi Arabia amamwa madzi ochotsedwa mchere, ndiponso kuti ngakhale kwathu konkuno nyanja ya Chilwa, imene ilibe mtsinje wotulukamo, madzi ake ndi amchere, kusiyana ndi nyanja yathu ino imene imatulukira mu Shire. Ndinalonjeza kuti tidzagwira nthunzi n'kuibweza kukhala madzi iwo akuona.

Zipangizo zake sizinandivute kupeza. Mphika waukulu ndinabwereka kwa amayi amene amatiphikira tiyi. Paipi yachitsulo yaitali ndinaipeza kwa bambo wina wokonza njinga pa malo ochitira malonda, amene anaitulutsa kuseri kwa shedi yake, nandiyang'ana nthawi yaitali ndithu, nandifunsa motsitsa mawu ngati malipiro a aphunzitsi afika poipa chotero. Ine ndinayesa akungocheza. Pansi pa mtengo wa mango ndinaika mphika wa madzi a mchere pa mafuwa, paipi ndinailowetsa pa chivundikiro n'kuidutsitsa m'chigubu chodula chodzaza madzi ozizira, ndipo kumapeto kwake ndinatchera botolo.

Moto unayaka, madzi anawira, koma nthunzi yonse inkathawira m'mbali mwa chivundikiro ndipo m'botolo simunagwe kanthu. Agogo ena amene ankachokera ku mjigo anatula ndowa yawo, naima, nayang'anitsitsa. "Mwana wanga, ntchito imeneyi anakuphunzitsani ndani? Simunamate. Mutaya mutu wonse." Asanayankhidwe anatuma mwana kukatenga madeya kunyumba yapafupi, anawakanda ndi madzi, namata mozungulira chivundikiro ndi polowera paipi mwaluso limene sindinalionepo ku koleji, natsitsa pang'ono kumapeto kwa paipiyo, nachotsako nkhuni ziwiri. Posakhalitsa madontho anayamba kugwa, tho, tho, tho. Ndinawathokoza pamaso pa ana onse, ndinawatchula kuti ndi katswiri wa sayansi wa m'mudzi mwathu, ndipo ndinauza ana kuti awaombere m'manja. Botolo linayenda m'manja mwa ana kuti aliyense anunkhize, ndipo ndinaona kuti anyamata akuluakulu akugwedezana ndi zigongono. Ine ndinali ndi chimfine sabata imeneyo, mphuno zinali zotsekeka.

Madzulo a tsiku limenelo, m'nyumba zambiri makolo atafunsa zimene ana aphunzira, yankho linali limodzi: aphunzitsi a sayansi atiphunzitsa kutcheza.

M'mawa mwake ndinapeza mipando itandandalikidwa pansi pa mtengo womwe uja. Panali amfumu, atcheya a komiti ya makolo ndi aphunzitsi, a Shehe, mkulu wa mpingo wina, ahedi, ndi khamu la amayi amene anakhala pa mphasa chapatali pang'ono koma pomvekera bwino. Zipangizo zanga zinali pakati monga umboni. Amfumu anayamba ndi kunena kuti utsi sufuka popanda moto, ndipo popeza phulusa la moto wanga linali likadali pomwepo, panalibe chotsutsa. A Shehe analankhula mofatsa kwambiri, zimene zinandiopsa kuposa kukalipa, kuti makolo amatumiza ana kusukulu kuti adzakhale anamwino ndi aphunzitsi, ndipo kuti ntchito imene ndinawaonetsayo, ngati munthu akuifuna, safunika kuilipirira fizi.

Atandipatsa mpata, ndinaganiza kuti chimene chingandipulumutse ndi sayansi yomweyo. Ndinafotokoza kuti madzi amasanduka nthunzi pamene mchere umatsala chifukwa mchere susungunuka n'komwe ndi moto mpaka utafika pa madigiri 801. Ndinapitiriza kuti otcheza kachasu amagwiritsa ntchito nzeru yomweyi, popeza mowa umawira pa madigiri 78, madzi asanawire, n'chifukwa chake botolo loyamba limakhala laukali kwambiri, ndipo n'chifukwa chake moto suyenera kukhala wambiri kuopa kuti madzi angatsatire msanga n'kusukulutsa mowawo. Ndinkalankhula mokoma ndithu, manja ali m'mwamba. Nditamaliza kunali zii, mpaka atcheya anatembenukira kwa amfumu n'kunena kuti, "Mwamva nokha, amfumu. Ntchitoyi akuidziwa bwino."

Ahedi ndiwo anapereka nzeru yoti ndibwereze zonse pamaso pa bwalo, kuyambira kusungunula mchere. Agogo aja anakana kwamtuwagalu kuti sanandionepo chibadwire, choncho madeya ndinamata ndekha, ndipo amayi a pa mphasa ankandiwongolera mofuula mpaka mkulu wa mpingo anawayang'ana, iwo n'kukhala chete. Botolo litafika theka panabuka vuto limene palibe analiganizira: alawe ndani? A Shehe sakanatha, ndipo palibe anayerekeza kuwapempha. Mkulu wa mpingo anati ngakhale atalawa sangadziwe kusiyanitsa kwake. Atcheya ananenanso chimodzimodzi, koma mofulumira kwambiri moti amayi ena anatsokomola. Ine sakanandilola chifukwa ndinali woimbidwa mlandu. Pomaliza amfumu anatuma anyamata kukaitana bambo wina msodzi amene mudzi wonse umavomereza kuti pa nkhani imeneyi palibe womuposa.

Anafika akupukuta manja pa malaya, ali ndi nkhope ya munthu amene dziko lazindikira luso lake patapita zaka zambiri. Analandira botolo ndi manja awiri, analiyang'anitsa kudzuwa, analigwedeza kuti aone thovu, anathira pang'ono pa khala la moto kuti aone ngati lilime la moto lidumphe, ndipo khalalo linangozima. Ananunkhiza, natseka maso, namwa, nasunga m'kamwa nthawi yaitali, kenako analavula.

"Amfumu, awa ndi madzi. Ngakhale mchere mulibemo. Aphunzitsiwa angoononga nkhuni."

Mtima wanga unakhala pansi, ndipo ndinatembenukira kwa ana amene anali atadzaza m'mazenera kuti amve okha kuti mchere watsaladi mumphika. Koma katswiriyo anali asanamalize. Anawerama, nanunkhiza kumapeto kwa paipi, nkhope yake n'kuwala ngati wakumana ndi mbale wake wa kalekale.

"Koma paipi iyi ndikuidziwa. Inasowa chaka chatha kuseri kwa dambo, ndipo eni ake akuifunabe. Funsani atcheyawa, tinali limodzi tsiku limene inasowalo."

Apa mlandu unachoka pa ine n'kupita kwina, ndipo unatenga nthawi yaitali kuposa wanga. Atcheya anafotokoza kuti kudamboko anangopita kukalangiza anthu, msodziyo anavomereza kuti analangizadi mpaka usiku, ndipo a Shehe anapempha kuti ana achotsedwe m'mazenera.

Chigamulo chinali chakuti ndilibe mlandu wotcheza, koma ndipereke nkhuku imodzi chifukwa chosonkhanitsa akuluakulu padzuwa, ndiponso kuti sayansi iliyonse yofuna moto iziyamba yadziwitsidwa ku komiti. Paipi anailanda amfumu kuti aisunge ngati umboni. Pa mayeso a kumapeto kwa teremu ndinafunsa ana kuti ajambule zipangizo zolekanitsira madzi ndi mchere, ndipo kwa nthawi yoyamba kalasi yonse inakhoza funso limodzi, ngakhale ambiri anawonjezera muvi wolozera pa chivundikiro n'kulembapo kuti "madeya". Nkhuku ndinapereka. Wokonza njinga uja akufuna ndalama ya paipi yake, eni ake a kudambo nawonso atumiza uthenga wofuna ndalama ya paipi yomweyo, ndipo msodzi uja amandiimitsa pamsika nthawi zonse kundifunsa kuti Fomu 2 iyamba liti phunziro limeneli, chifukwa iye ndi wokonzeka kudzathandiza.