Tsiku limene ndinamatirira kwa Gaba

Popeza anzanga a pa bawo mwayamba kale kunditchula kuti "Kochi Supagulu", bola ndifotokoze ndekha musanathiremo mchere wanu. Inde, chala changa chinamatirira ku thako la Gabadinho Mhango. Wadothi, osati mwiniwakeyo.

Kusukulu anauza ana kuti akaumbe chidole. Anzake onse anaumba ng'ombe, miyendo inayi, yoima yokha ngati tebulo. Ine ndinati mwana wanga sapita ndi ng'ombe. Tiumba Gaba pa kamphindi kaja ka mu Januwale 2022 ku Yaoundé, ataona kuti Bono wa Morocco wasuntha pagolo, n'kumasula chimzinga kuchokera kutali. Tinaluza 2-1, koma zimenezo sitiumba.

Vuto n'lakuti munthu womenya mpira amaima ndi mwendo umodzi, thupi litapendekeka, ndipo dothi silisapota Flames. Gaba woyamba anagwa chafufumimba. Wachiwiri anathyoka pabondo. Wachitatu ndinachenjera: ndinalowetsa sipoko ya njinga kuyambira m'chiuno, kudutsa mwendo woimira mpaka m'thabwa lomwe ndinaboola ndi msomali. Thabwalo ndinalilemeretsa ndi manati awiri, mkono umodzi n'kuutambasula kuti ulimbane ndi kulemera kwa mwendo wa m'mwambawo. Anaima! Mwa inu nonse oseka, ndani akanaganiza zimenezi?

Ndinalakwa pamodzi pokha, kumuyanika padzuwa. Dothi likamauma limanyala, sipoko sinyala, ndiye anang'aluka m'chiuno. Ndinathira supagulu, n'kuwaza soda pamwamba kuti igwire msanga, kenako n'kupanikiza ndi chala chachikulu.

Inagwiradi msanga.

"Odi kuno!"

Apongozi, kuchokera ku Dedza, dengu pamutu. Mkamwini sathawa moni. Ndinanjuta bwinobwino n'kuyamba kuomba m'manja. Koma dzanja lamanja linali ndi Gaba, thabwa ndi manati awiri. Kuomba koyamba, gwa! Kachiwiri, gwa! Gaba akuvina m'malere, mwendo uli m'mwamba, akuloza dengu la apongozi. Kusiya kuomba n'chipongwe, kupitiriza ndi misala. Ndinapitiriza. Nkhuku zinaima kudya. Ngakhale galu wa a neba anabwera kudzaonerera.

"Mwayenda bwanji, mayi?"

"Ndayenda bwino bambo, kaya inu ndi mnzanuyo?"

Apo m'pamene kampira, komwe ndinangokabaya ndi kawaya, kanathothoka. Kanagubuduka pang'onopang'ono, kosafulumira, kudutsa pakhonde ponse, ife tonse tikukayang'ana ngati maliro akudutsa, mpaka kanalowa pakati pa mapazi a apongozi n'kuima pansi pa chitenje.

Mwana wanga anakuwa: "Chigoliii!"

Akazi anga anathawira kukhitchini, akuti ndiwo zikupserera. Pamoto panalibe mphika.

Za kumatula chala musafunse. Anandiuza kuti ndiviike m'madzi ofunda a sopo, ndipo palibe anandikumbutsa kuti dothi losawotcha limasungunuka. Chala chinamasuka, Gaba anasanduka phala m'beseni.

Mwana anapita kusukulu ndi ng'ombe yomwe agogo ake anamuumbira akucheza, osayang'ana n'komwe. Koma sipoko ija idakaimabe pathabwa pake, chilili, sinapendekekepo. Ili pawindo, wofuna abwere adzaone.