Baji ya pa boneti inandipusitsa masabata atatu

Dzulo ndagona tulo tabwino koyamba chilandirireni ntchito ija ya kalasi ya zamalonda. Amene tili limodzi funso mukulidziwa: banja la makolo awiri ndi ana atatu likufuna galimoto yaikulu ya mtundu wa SUV, ndalama ndi za galimoto imodzi basi, ligule ya kampani ya m'dziko lawo kapena yakunja? Za 4P (katundu, mtengo, malo ogulitsira ndi kutsatsa) ndi kugawa msika sindibwerezanso, tonse tinaziloweza mpaka kumazilota. Ine vuto langa linali lakuti ndikalemba tsamba lero, mawa ndimaling'amba. Ndinkajambula mzere pakati pa pepala, uku zakwathu, uku zakunja, kenako n'kumadzaza: zakwathu n'zotchipa, masipeya sasowa, zakunja n'zolimba, sizigwa mtengo msanga. Ndikamawerenga ndinkadzimva ndekha kuti ndikungobwereza nkhani za pa galaja.

Inanditsegula mutu ndi BMW X5. Ndinkaifuna ngati chitsanzo cha galimoto yakunja kwa banja la ku America, ndiye ndikupeza kuti chiyambire 1999 imapangidwa ku Spartanburg, ku South Carolina, m'dziko la America momwemo. Munthu wa ku Munich, ku Germany kwawo kwa BMW, akaigula, galimotoyo yachita kukwera sitima kuti imupeze. Nanga wagula yakunja ndani pamenepa? Ndinakhala kaye chete, cholembera chili kukamwa. Kenako ndinayamba kufufuza mobwerera. Buick ndi dzina lakalekale la ku America, koma Envision amaipangira ku China n'kuitumiza ku America. Ford Bronco Sport imachokera ku Hermosillo, ku Mexico. Pamene Toyota Highlander, ya dzina la ku Japan, amaimanga ku Princeton, ku Indiana. Mzere wanga uja unayamba kuoneka ngati wa mwana wa sitandade 1.

Ndiye kubwera pa eni ake, mpamene zinasokonekeratu. Volvo, imene aliyense amati ndi ya ku Sweden, inagulidwa ndi Geely ya ku China mu 2010. Land Rover ili m'manja mwa Tata ya ku India kuyambira 2008. MG, ndi mbiri yake yonse ya ku Britain, mwini wake ndi SAIC ya ku Shanghai. Apa ndi pamene ndinaona chimene ndinkalakwitsa: mawu akuti "dziko la galimoto" ndinkawatenga ngati funso limodzi, chonsecho ndi mafunso angapo omangidwa mtolo umodzi. Dzinalo linabadwira kuti? Galimotoyo ailumikizira kuti? Injini ndi giyabokosi zachokera kuti? Phindu likulowa m'thumba la ndani? Baji ya pa boneti imayankha loyamba lokhalo, lomwenso ndi lopanda ntchito kwenikweni kwa mayi amene akufuna kuona ngati mipando itatu ya ana ikwana kumbuyo.

Ndikudziwa ndikuzungulira pamodzimodzi, koma ndiloleni, chifukwa ku China nkhaniyi imaonekera poyera kuposa kwina kulikonse. Kwa zaka zambiri, kampani yakunja yofuna kupanga magalimoto kumeneko inkayenera kugwirizana ndi kampani ya komweko, ndipo sinkaloledwa kukhala ndi gawo loposa 50 peresenti. Pa magalimoto okwera anthu lamuloli linachotsedwa mu 2022. Choncho bambo amene akusinkhasinkha pakati pa Haval H6 ya Great Wall ndi Volkswagen Tiguan L akuyerekeza magalimoto awiri opangidwa m'dziko limodzi, ndi manja a anthu a dziko lomwelo, ndipo gawo la phindu la "yakunja" ija likupita kwa SAIC, imene imapanga Tiguan L mogwirizana ndi Volkswagen. Mawu akuti yakunja pamenepa atsala pa chizindikiro ndi pa kapangidwe.

Tsopano njira yanga, imene ndikuiona ngati mankhwala a zonse: werengani VIN. Ndi nambala ya chasesi ija, zilembo ndi manambala 17, imaonekera pansi pa galasi lakutsogolo, pakona, ndiponso pa kapepala ka pa chitseko cha dalaivala. Mulibe I, O ndi Q, kuopa kusokoneza ndi 1 ndi 0. Chilembo choyamba chimaloza dziko: J ndi Japan, L ndi China, W ndi Germany, 2 ndi Canada, 3 ndi Mexico, 1, 4 ndi 5 ndi America. Masiku ano ndikamadutsa poimika magalimoto ndimawerama, kutchinga dzuwa ndi dzanja, n'kumasuzumira pakona paja ngati ndataya chinthu. Tsiku lina mlonda anandiyang'ana nthawi yaitali ndithu. Ndinapeza RAV4 ziwiri zoyandikana, ina yoyamba ndi J, ina ndi 2, ndipo ndinasangalala ngati ndatola ndalama.

Mnzanga wa m'gulu lathu anandidula mawu kuti makampani ena a ku Ulaya amayambabe ndi W ngakhale galimotoyo yalumikizidwa kwina, ndiponso kuti VIN sinena kumene injini yachokera. Akunena zoona, ndamumva. Komabe ine ndikuti munthu akanati aziwerenga kanambala kameneka asanayambe kukangana za kukonda dziko, mikangano yambiri bwenzi itafera pomwepo.

Chimene chikundipweteka n'chakuti zonsezi zikanatheka sabata yoyamba. Aphunzitsi anatchula kafukufuku wa Robert Schooler wa mu 1965, uja anapatsa ophunzira a ku Guatemala zinthu zofanana ndendende, n'kungosintha dzina la dziko pa lebulo, anthu n'kuziweruza mosiyana. Silaidi imodzi, mphindi ziwiri, basi tapita kwina. Nditakweza dzanja anati nthawi yatha, tikawerenge tokha. Tiwerenga nthawi yanji, ndi ntchito zinayi zofunika sabata imodzi? Akanangoika chithunzi cha X5 pa bolodi n'kufunsa kuti iyi ndi ya dziko liti, kalasi yonse ikanadzuka. M'malo mwake tinathera maola atatu pa matanthauzo oti tikalavule pa mayeso.

Ntchito yanga ndailembanso yonse. Mzere wapakati uja ndauchotsa. Banja lija tsopano likuyerekeza galimoto ndi galimoto pa zaka zisanu: mtengo wogulira, mafuta, inshuwalansi, sevisi, ndi ndalama imene adzapeze pogulitsa. Msonkho ndauika pa kumene galimotoyo yapangidwira, pakuti a kasitomu sawerenga baji. Pansi pa USMCA, mgwirizano wa zamalonda wa America, Canada ndi Mexico, mwachitsanzo, galimoto imafunika kuti 75 peresenti ya mtengo wake ichokere m'maiko atatuwo kuti a kasitomu aiwerenge ngati ya m'mgwirizanowo. Masipeya ndawaika pa kuchuluka kwa magalimoto a mtundu umenewo pa msewu ndi kufupika kwa dila, chifukwa makaniko amadziwa galimoto imene amaiona tsiku ndi tsiku, kaya dzina lake ndi la kuti.

Bokosi limodzi lokha ndi limene likundivutabe, la mtengo wodzagulitsira. Amene adzagule galimotoyo pakatha zaka zisanu mwina sadzawerama pa galasi ngati ine. Adzayang'ana baji, ndipo ngati amakhulupirira kuti dzina lakuti ndi lolimba, adzalipira zambiri. Ndiye kuti chikhulupiriro chomwe ndangotha masamba anayi ndikuchinyoza chimasanduka ndalama zenizeni m'thumba la banja lija. Palinso bambo amene amagula ya dzina la kwawo akudziwa zonsezi, chifukwa mchimwene wake amagwira ntchito ku fakitale ya kampaniyo. Kodi ameneyu ndilembe kuti walakwitsa? Ndayesa kumuika m'tebulo kawiri, sakukwanamo. Ntchitoyi ikufunika Lachisanu, ndipo bokosi limenelo likadali lopanda kanthu.