Sabata yanga ndi odwala amene sitiwapatsa mankhwala

Ndine namwino ku dipatimenti ya matenda a magazi pa chipatala china kumpoto kwa England. Abale kumudzi amaganiza kuti ndimangokhalira kuika madiripi a khansa. Masiku ena zimaterodi, koma nthawi yambiri ndimakhala ndi agogo amene alibe khansa, sakumva kuwawa paliponse, ndipo sitiwapatsa ngakhale piritsi limodzi. Vuto lawo limatchedwa MGUS, chidule cha dzina lake lalitali la m'Chingelezi.

M'mafuta a m'mafupa muli maselo a plasma amene amapanga asilikali oteteza thupi. Mwa munthu wa MGUS, kagulu kamodzi ka maselowa kamachulukana n'kumapanga puloteni wamtundu umodzi wopanda phindu. Puloteniyo akakhala wosafika magalamu 30 pa lita imodzi, maselowo osafika 10 pa 100 alionse a m'mafupamo, impso ndi mafupa zili bwino, magazi sanachepe, kashiamu sanakwere, timati ndi MGUS basi. Dzinali linachokera kwa Dr Robert Kyle wa pa chipatala cha Mayo Clinic ku Minnesota, m'dziko la America, mu 1978. Kafukufuku wa gulu lake wa mu 2006 ku Minnesota anapeza vutoli mwa anthu 3 pa 100 alionse opitirira zaka 50, ndi 5 pa 100 mwa opitirira zaka 70. Pachaka, mwa munthu mmodzi pa 100 limasanduka myeloma, khansa ya maselo a plasma aja, kapena matenda ofanana nayo. Ambiri amakalamba nalo n'kudzapita ndi zina.

Lolemba ndi tsiku la mafoni. Ndimakhala ndi zotsatira za magazi pakompyuta n'kumaimbira mmodzimmodzi. Munthu akangopezeka nalo timamuyezanso pakatha miyezi 6, ndipo zikakhala bata ambiri timawaona kamodzi pachaka. Mafunso anga ndi omwewomwewo: msana ukuwawa mwachilendo? Mukutopa kuposa kale? Mwatsika sikelo? Zifuwa zikubwerabwera? Agogo ena amayankha mwachangu chifukwa ketulo ili pamoto. Ena, makamaka okhala okha, amayamba kufotokoza za mphaka wawo, ndipo sindiwadula mawu. Nthawi zambiri m'nkhani za mphakazo ndi mmene munthu amatulukira kuti masiku ano akulephera kukwera masitepe.

Lachiwiri tinalandira atsopano. Ambiri vutoli limawapeza mwangozi, dokotala wawo akufufuza zina. Bambo wina amene anapuma ntchito yoyendetsa basi anabwera atalemba kale wilo, chifukwa kalata inali ndi chidindo cha dipatimenti yathu ndipo mwana wake anafufuza pa intaneti usiku wonse. Lachitatu linatha ndi msonkhano wa madokotala, komanso kugwira dzanja la mayi wina pamene ankamutenga mafuta a m'fupa la m'chiuno.

Lachinayi anandiitana kuti ndikathandize kucheza ndi bambo wina wachikulire wa kwathu, amene anabwera kuno kudzakhala ndi mwana wake wamkazi. Chingelezi amachimva bwino, koma za mumtima ankafuna kulankhula m'chinenero chake. Titapatsana moni n'kufunsana za kumudzi, anandiyang'ana n'kunena kuti, "A nesi, mundiuze zoona. Ngati ndikudwala, mankhwala ali kuti? Ngati sindikudwala, mukundiitaniranji?"

Funso limeneli ndi lanzeru kuposa mmene madokotala ena amalionera. Kwathu munthu akabwera kuchipatala wopanda kapepala ka mapiritsi amati sanathandizidwe, kapena amati amubisira chifukwa zafika poipa. Ndinati, "Bambo, palibe chimene tikubisa. Zili ngati khuni lofuka pamoto wa dzulo. Nthawi zambiri limangofuka mpaka kuzima lokha, koma mwininyumba amasuzumirabe. Mankhwala a khansa ndi aukali, amafooketsa thupi, ndipo palibe umboni woti kuwapereka pamsinkhu uwu wa vutoli kumathandiza. Ntchito yathu ndi kusuzumira."

Anaseka, kenako anatulutsa m'thumba la jekete paketi ya Brufen. Anati amamwa tsiku lililonse chifukwa cha mawondo, ndipo mlamu wake anamutumizira pa WhatsApp dzina la mankhwala azitsamba "otsuka magazi". Apa ndinaumitsa mawu. Brufen ndi diclofenac zimapweteka impso, ndipo impso ndi zimene puloteni uja amathanso kuvutitsa zinthu zikasintha. Tinagwirizana kuti azimwa panado, azimwa madzi okwanira, ndipo chilichonse chochokera kwa mlamu ayambe watisonyeza. Mwana wake ndinamupatsa nambala ya kiliniki, n'kumuuza kuti msana ukayamba kuwawa usiku asadikire tsiku la chaka chamawa.

Nkhaniyi imandikhudza chifukwa vutoli limapezeka kwambiri mwa ife anthu akuda. Kafukufuku wa mu 2007 ku Accra, m'dziko la Ghana, analipeza mwa amuna pafupifupi 6 pa 100 alionse azaka 50 mpaka 74, kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi azungu a ku Minnesota. Ndimakumbukira agogo amene ndinkawaona m'mawodi ndisanabwere kuno, msana wowawa, magazi ochepa, tonse maganizo ali pa TB ya msana. Kuyeza aliyense si yankho lapafupi, chifukwa kumapanganso anthu ambiri ankhawa amene sakanadwala konse. Ku Iceland anayamba kafukufuku mu 2016, n'kuyeza anthu oposa 75,000 kuti aone ngati phindu lake likuposa nkhawayo. Koma wachikulire amene msana sukumva mankhwala, magazi akuchepa popanda chifukwa, ine ndimati ayezedwe puloteni.

Lachisanu masana labotale inaimba. Mayi wina amene Lolemba anandiuza kuti ali bwino, kungoti ludzu lachuluka ndipo chimbudzi chikuvuta, anali ndi kashiamu wokwera, impso zikufooka. Ludzu lija ndi limene linatichititsa kumuyezanso msanga. Ndinamuimbira kuti atenge kachikwama abwere lero lomwe. Anafunsa ngati angadikire Lolemba poti mdzukulu wake akubwera Loweruka, ndinati ayi. Pofika madzulo anali pabedi, diripi ya madzi ikuyenda, ndipo dokotala analemba kuti ajambulidwe mafupa komanso atengedwe mafuta a m'fupa sabata yamawa.